Utaka m'chitsime cha ku Misuku

Ndiulule: ndili mwana ku Misuku ndinkakhulupirira kuti nsomba youma ikagona m'madzi imadzuka. Fungo la utaka pamsika lero landikumbutsa uchitsiru umenewo.

Mphunzitsi anatiuza kuti Angerezi amaunjika chambo, utaka ndi mbuna pa dzina limodzi, sikilidi. Ulesi wanji! Kaya alibe malilime olawira? Akuti zonsezo zimalera ana m'kamwa. Ine, wosaidziwa nyanja, ndinatapa utaka wouma wa amayi n'kuuthira m'chitsime cha mudzi kuti ulavule ana. Madzi ananunkha masiku atatu, ine duu, akuluakulu akusaka wolakwa.

Nditaulula madzulo ano, mkazi wanga, yemwe tinakulira mudzi umodzi, sanaseke. Wangoti, "Kasi munali imwe? Adada anakwapula ine, akuti ndinatsukiramo mphika!"