Manja a Wailesi

Achemwali anga timawatcha Wailesi chifukwa sakhala chete, kungoti nkhani zawo zambiri zimatulukira m'manja. Mwana wawo wamkazi anabadwa wosamva, ndipo iwo anaphunzira chinenero cha manja mpaka kumalalata nacho. Mwanayo lero ndi telala. Awiriwa amajeda munthu ali pomwepo, ndipo kawirikawiri munthuyo ndimakhala ine.

Wailesi atasiya kusamba, tinkayembekezera zotentha thupi zija. Za manja palibe anatiuzapo. M'mawa zala zinkadzuka zitauma gwa, chala chachikulu chikubaya patsinde, botolo lenilenili kuwakanika kutsegula. Ine zinandizunguza mutu: za kumwezi zikukhudzana bwanji ndi zala? Ndinakafunsa namwino wina amene ndimadziwana naye.

"Mayi akasiya kusamba, mahomoni ena amachepa m'thupi, ndiye ambiri amadandaula kuuma kwa mfundo za zala," anatero. "Abwere tidzawaone."

Wailesi anapita, anapatsidwa mankhwala opaka, koma mwana wawo sanamuuze. Anangoyamba kumuyankha mwachidule: eya, ayi, kaya. Pena ankangogwedeza mutu, manja atabisa m'khwapa.

Kwa munthu wosamva, kumubisira manja n'kumumana mawu. Telala uja anaona ngati amayi ake atopa naye. Anayamba kudyera kushopu kwake, kenako tinamva kuti akufunsafunsa za nyumba ya lendi. Zinandiwawa kwambiri.

"Achemwali, mwana akuchokatu uyu. Muuzeni."

"Ndimuuze kuti pakamwa panga pakuuma? Ndiye azicheza ndi ndani? Iwe, ndi manja ako achibwibwiwo?"

Chabwino. Ndi manja achibwibwi omwewo ndinapita kushopu n'kukaulula zonse. Ndinabwereza kangapo, ndikuloza mfundo za zala zanga. Mwanayo anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuvundikira makina ake.

M'mawa mwake ndinapeza beseni la madzi ofunda patebulo. Telala anali atagwira manja a amayi ake, wawaviika, akusisita chala chimodzichimodzi. Poti onse awiri manja anali m'madzi, panalibe woyankhula. Chibadwire sindinawaonepo Wailesi ali phee choncho, ndipo ndinakhala pakhomo kudikira kuti ndione chimene chituluke.

Wailesi atavuula manja, zala zinayenda pang'onopang'ono, zokhotakhota, madzi akudontha m'zigongono. Mwana sanawafulumize. Mawu awo ndinawamva ngakhale ine: "Usapite."

Telala anathiramo madzi ena otentha, n'kubwezera manja a amayi ake m'beseni.