Kukatenga Alongo Anga Tsidya la Malire

Alongo anga aakulu ankayendetsa thiraki yonyamula katundu wa kumigodi kuchokera ku Ndola kupita tsidya la malire, kudzera pa Kasumbalesa. Tsiku lina achifwamba anawapeza pamzere wa mathiraki kutsidyako n'kuwamenya ndi chitsulo kumutu. Dalaivala mnzawo ndiye anandiimbira foni ndili kuntchito ku Kitwe.

"Alongo anu ali m'chipatala kuno, sakulankhula bwino. Chitanipo kanthu."

Ndinakwera minibasi mpaka kudera la mafakitale la Heavy Industrial Area kumene kunali abwana awo. Iwo anafunsa kaye za thiraki, kenako anati za munthu wovulala kunja n'za boma. Ku ofesi ya boma ndinapeza bambo waulemu ndithu, anandipatsa mpando akunditchula kuti mayo, ndiye kuti mayi m'Chibemba.

"Mayo, ife mphamvu zathu zimathera pamalire. Tiwauza anzathu a kutsidyako."

"Muwauza liti? Munthu akufa."

"Zimenezi zili ndi njira yake," anatero.

Njira yakeyo sindinaione. Ndikaimba kutsidya, ankandiyankha m'chinenero chimene sindimva, ndipo wina amene ankadziwako Chibemba anati ndikafunse kwathu. Kwathu ankati akudikira yankho la kutsidya. Ndinkangozungulira, nsapato mpaka kutha chidendene.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri ndi wailesi. Sabata yomweyo nduna za mayiko a m'chigawo chathu zinali pamsonkhano, ndipo wowerenga nkhani anati zagwirizana kuti pa chitetezo mayikowa azilankhula ndi mawu amodzi. Tinali kunyumba kukomboni ya Buchi mu Kitwe momwemo, amayi atangobwera kumapemphero, akadali m'bulauzi yawo yoyera. Anasendera pafupi ndi wailesi.

"Ndiye kuti mwana wanga am'bweretsa?"

"Ayi amama, akukamba zina."

"Zina ziti, ngati si anthu?"

Ndinazimitsa wailesi. Ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa ndiwakalipira iwo amene sanalakwe.

Mapeto ake madalaivala anzawo a alongo anga anatopa n'kudikira. Anawatulutsa m'chipatala muja, kuwagoneka pakabedi ka kuseri kwa mpando wa thiraki ina imene inkabwerera yopanda katundu, n'kuwoloka nawo. Ine ndinakawalandira pamsewu waukulu polowa mu Kitwe. Mutu unali wotupa, nsalu ya pabala itada bii, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali asanandizindikire.

Anachira, koma khutu lakumanzere linagontha. Amene anawamenya sanagwidwe, ndipo palibe wa mbali iyi kapena iyo amene anabwera kudzawafunsa mmene zinachitikira. Bala litapola anayamba kufunafuna ntchito ya maulendo a m'dziko momwe muno. Sanaipeze. Ana awo anafunika kubwerera kusukulu, choncho anatenganso makiyi a thiraki n'kulowera njira yomwe ija ya ku Kasumbalesa. Amayi anakana kutuluka m'nyumba kukawatsazika.