Ndodo Yoyezera ya a Mulipa

A Elson Mulipa sanagwirepo mpira wa basiketibolo kufikira atadutsa zaka makumi asanu ndi limodzi. Moyo wawo unathera mu tiyi. Anayamba ndi kutchola masamba pa esiteti ina ya kufupi ndi Makwasa, kenako anawaika m'gulu la odulira, ndipo pomaliza anakhala kapitawo wa gululo zaka khumi ndi zinayi. Kudulira ndi ntchito ya muyezo. Chitsamba chilichonse chimadulidwa pa msinkhu wofanana ndi chinzake kuti masamba akaphuka munda usalale ngati tebulo. N'chifukwa chake wodulira amakhala ndi kandodo koyezera: amakazika pansi pambali pa chitsamba, n'kudula pamene kathera. Ndodo ya a Mulipa inali ya bulugamu wouma bwino, mainchi 24, ndipo anaidula okha ataiyeza pa tepi ya manijala. Popuma ntchito anabweza chikwanje ndi magambuti, koma ndodoyo anapita nayo kwawo. Ankayenda nayo m'khwapa kulikonse, kupatula kutchalitchi.

Kukhala manja ali khale kunawakanika, choncho anapeza ntchito yosamalira mabwalo pa kakoleji ka zauphunzitsi kozunguliridwa ndi minda ya tiyi. Atangoyamba kumene, mphepo yamkuntho inagwetsa mapolo onse awiri a pabwalo la basiketibolo. Kochi wa timu ya atsikana, Madamu Angella, anawauza kuti ringi, chitsulo chozungulira chija cholowetsamo mpira, imayenera kukhala mafiti khumi kuchokera pansi, nawalonjeza kuti abweretsa tepi.

"Tepi ya chiyani, Madamu?" anatero a Mulipa. "Mafiti khumi ndi ndodo iyi kasanu. Mahekitala onse mukuwaona apowa anadulidwa ndi imeneyi."

Anayeza, analemba ndi khala, wowotcherera zitsulo anawotcherera, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Masana aliwonse akamaliza kusesa, ankakhala pa chitsa n'kumaonerera atsikanawo akuyeserera. Masewerowa ankawazunguza mutu. Bwanji munthu saloledwa kuthamanga mpira ataufukata? Bwanji chigoli china ndi mapointi awiri, china atatu, pamene dengu lake ndi lomwelo? Ndipo ndani anaganiza zopanga dengu lobooka pansi? Ankafunsa zonsezi kwa kaputeni wa timuyo, Queen, mtsikana wamtali wa ku Thekerani, amene ankawayankha uku akuseka.

"Madala, inu dengu mwaberekera zaka zonse zija, lero likukudabwitsani?"

"Lathu linali ndi pansi, mwanangu. Ukaponya tsamba, umalipeza."

Anapezanso kantchito kawo pabwalopo. Ukonde wa pa ringi unkakonda kupindikira m'mwamba n'kukodwa. Iwo ankanyamuka, kutambasula mkono, n'kuukowa ndi nsonga ya ndodo, osanyang'ama n'komwe.

Chaka chimenecho timuyo inalowa koyamba mu ligi ya makoleji a chigawo cha kummwera, ndipo ndondomeko inagwa moti masewero anayi oyamba onse anali a koyenda. Pabwalo lawo atsikanawa ankaponya mokoma. Queen ankatha kulowetsa mipira isanu ndi itatu mwa khumi. Koma ku Zomba anagonja. Ku Mulanje anagonja. Ku Chiradzulu anagonja mochititsa manyazi. Pobwerako nkhani inali imodzimodzi: mpira ukumenya mlomo wa ringi n'kubwerera. Ena ankati ndi mantha a atsikana a kutiyi akaona anzawo a m'tauni. Ena ananong'ona kuti mabwalo a eni ake ndi okhwima. Madamu Angella anayamba kuganiza zomuchotsa Queen paukaputeni. Ndipo a pulinsipolo, bambo Jacob Namaona, analengeza kuti timu ikagonja masewero asanu otsatizana aichotsa mu ligi, basi ya koleji ipume.

A Mulipa zinawasautsa, komanso zinawapatsa chidwi. Dzanja lomwelo, mpira womwewo, lingaiwale bwanji ntchito yake chifukwa chokwera basi? Anapempha kuti paulendo wachinayi, wa ku Blantyre, apite nawo akaone ndi maso awo. Anawalola kuti azikanyamula madzi.

Bwalo la kumeneko linali la m'nyumba, pansi pake powala ngati m'banki. Chigawo choyamba chinatha atsikana a ku Thyolo akutsalira ndi mapointi khumi ndi asanu ndi limodzi. A Mulipa anaona zomwe ankamva zija: mpira wa Queen unkanyamuka bwinobwino, wolunjika, koma unkafika wotopa. Nthawi yopuma itakwana, anaona kuti ukonde wa mbali imodzi wakodwa. Mwachizolowezi ananyamuka, kuima pansi pa ringi, n'kutambasula mkono. Ndodo inangokanda mphepo. Ananyang'ama. Inakhudza pang'ono chabe. Anayang'ana nsapato zawo, anayang'ana ringi, kenako anathamangira kumene kunali timu yawo.

"Madamu! Atibera! Anthu awa akweza ringi!"

"A Mulipa, chonde tsitsani mawu."

"Nditsitse mawu iwo atakweza chitsulo? Kwathu ndimafikira chilili. Kuno pakutsala chikhatho chathunthu. Ndi mmene akhala akutidyera monsemu!"

Mawuwo anamveka mpaka kwa ochemerera a eni bwalo, ndipo mmodzi anakuwa kuti, "Agogo, mwafupika ndinu! Mwamwa tiyi wambiri!" Holo yonse inaseka. Koma woyimbira masewerowo anali munthu wofatsa. Anaitanitsa makwerero ndi tepi, anakwera, n'kuwaitana a Mulipa kuti agwire okha kumunsi.

"Werengani, bambo."

A Mulipa anawerenga pa tepipo. Mafiti khumi ndendende.

 Anabwerera pa benchi, ndipo chigawo chachiwiri chonse sanaone mpira. Ankangoyang'ana ndodo ili pamiyendo pawo. Kumutu kwake kunali kosalala ndi thukuta la zaka zambiri. Kumunsi, kumene kunkalowa m'dothi, kunali kobulungira ngati chala chachikulu. Kodi tsiku limene ankaidula kunali kotero? Anakumbukira kuti kunali kwa makona, kocheka ndi sowo.

Timu inagonja kachinayi.  Atatsika pa Makwasa, a Mulipa sanapite kunyumba. Analowera pakhonde la a Husna, mayi wosoka zovala pamsikapo, n'kupempha tepi yawo.

"Mukufuna suti, a Mulipa? Kodi pali ukwati?"

"Ayi, mayi. Ndiyezereni iyi."

A Husna anayala tepi pa ndodoyo, naiyang'ana kawiri. "Mainchi 23. Mwinanso osakwana bwino."

Inchi imodzi. Miyala ya m'minda ya tiyi inakhala ikuidya pang'onopang'ono zaka zonsezo, iwo osadziwa. Inchi imodzi kasanu ndi mainchi asanu. Atsikana aja anaphunzitsa manja awo miyezi isanu ndi iwiri pa ringi yotsika ndi chikhatho, ndipo manjawo sankalakwitsa kanthu, ankangochita zomwe anaphunzira.

Panalibe wina amene anazilumikiza. Onse ankangoti madala aja anachita manyazi ku Blantyre. A Mulipa akanatha kubisa nkhaniyi. Koma Lamlungu m'tchalitchi nyimbo zinawakanika kuimba, ndipo Lolemba m'mawa, chiperoni chili tolo, anagogoda pa ofesi ya a pulinsipolo. Madamu Angella anali momwemo.

"Bwana, masewero anayi aja sanagonje ndi ana. Ndagonja ndine."

Anaika ndodo patebulo n'kufotokoza zonse, kuyambira pa khala lija. Madamu Angella anagwira pakamwa. A Namaona, amene kale ankaphunzitsa masamu, anatulutsa rula m'kabati n'kuyeza okha.

"Ndiye mukundiuza kuti mbali ina ya tiyi wa boma lino inadulidwa motsika ndi inchi?"

"Chakumapetoku, bwana, zikuoneka choncho. Koma tiyi sadandaula."

A pulinsipolo anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anakhazikika. "Tsono mukufuna chiyani?"

"Ngati pali wochotsa, chotsani ine. Koma anawa musawawerengere anayi aja. Ayambe kuwerengedwa ringi ikakwera."

"Ine ndinalengeza pamaso pa koleji yonse, a Mulipa."

"Munalengeza musakudziwa, bwana. Ngati mmene ine ndinayezera."

A Namaona anagubuduza ndodo ija patebulo. Kenako anati timu ipatsidwa masewero onse a chigawo choyamba cha ligi, koma a Mulipa akafotokoze okha kwa atsikanawo, ndipo poyezanso ringi, wogwira tepi akhale Madamu.

Wowotcherera anabwera kudzakweza maringi tsiku lomwelo. Madzulo atsikana atasonkhana, a Mulipa anavula chipewa n'kuwauza. Queen anaomba m'manja kamodzi.

"Madala! Ine ndasala kudya masiku atatu, ndimati ndili ndi tchimo!"

"Pepa, mwanangu. Kusala sikupita pachabe, koma tchimo linali langa."

Sabata imeneyo mipira inamenya mlomo wa ringi ngati ku Zomba komwe, koma tsopano Madamu ankadziwa chokuwa: "Kwezani! Pindani mawondo!" Pofika Lachinayi phokoso la chitsulo linayamba kuchepa.

Masewero achisanu, oyamba a pakhomo, anawaonera ndi anthu otchola tiyi omwe, ataima m'mphepete mwa mpanda madengu ali kumsana. Atsikana a ku Thyolo anagonjanso, koma ndi mapointi atatu okha, ndipo Queen analowetsa mipira ya kutali inayi. Wezulo yomaliza italira, a Namaona anapita kwa dalaivala wa koleji n'kumuuza kuti aone matayala a basi, chifukwa sabata yamawa kuli ulendo wa ku Phalombe.