Leticia ndi Magazi a Mbuzi

Leticia Phiri ndi mtsikana wa ku Kasenengwa amene ndinkagawana naye benchi pamsika ku Chipata. Iye ankagulitsa tomato, ine nsapato zakale za salaula. Kusukulu masamu ndinkamuposa, koma amene anamutenga ku sukulu ya unamwino ndi iyeyo. Msika wonse unayamba kumuitana kuti "Sisita" asanagwire ngakhale jakisoni. Ine ndinkangopukuta nsapato, mtima ukuwawa.

Koma Leticia anali ndi vuto: akaona magazi ankachita chizungulire. Msuweni wake wa kuchipatala anali atamuuza kuti ophunzira sachedwa kuwatumiza kumawodi kukatsuka mabala, ndipo wokomokakomoka sakhalitsa. Atandiuza zimenezi ndinamupepesa, koma tsiku limenelo chimanga chootcha chinandikomera kwambiri.

Iye sanagonje. Anakapempha a Idris, amene amapha mbuzi kuseri kwa msika, kuti m'mawa uliwonse aziwagwirira beseni lolandirira magazi. Poyamba anagwa chagada. Kenaka ankagwira atatsinzina, a Idris akumuseka kuti odwala adzawabaya pakhutu. Patapita milungu ankayang'ana ndithu, mpaka kufunsa kuti chiwindi ndi chiti.

Ine ndinamuuza kuti asadzinamize, magazi a mbuzi si a munthu. Tsiku lonselo tomato sanagulitse bwino.

Sabata yoti anyamuke ndinamuperekeza kwa a Idris, ndikufuna kudzionera ndekha. A Idris akusenda mbuzi, mpeni unaterereka n'kuwacheka pachikhatho. Magazi anayenderera mpaka pachigongono.

Leticia anaima kaye. Kenaka anavula duku, anakanikiza pabala n'kukweza mkonowo m'mwamba.

"Amalume, khalani pansi, musayang'ane," anatero. "Iwe Nomsa, thamangira madzi oyera."

Sindinathamange. Maso anachita mdima, ndipo ndinadzidzimuka nditakhala m'matope, amayi ena akundikupiza ndi katoni. A Idris, dzanja lili m'mwamba, anafunsa ngati Sisita angayambe ndi wodwala wachiwiriyu.

Ananyamuka Lamlungu, tsitsi atameta, zikhadabo atawenga. Tsopano benchi yonse ndi yanga, ndipo ndawonjezera zikwama za ana a sukulu. Zikuyenda bwino, chaka chamawa ndifuna kashopu. Dzana ananditumizira chithunzi pafoni, ali mu yunifomu, kawotchi kakulendewera pachifuwa. Ndinachikulitsa ndi zala kufunafuna pamene yunifomuyo sinamukhale. Yamukhala paliponse.