Tsabola pa Bere la Mng'ono Wanga

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ya bambo wina wachisilamu pa boma la Mchinji, ndipo zaka zomwe ndakhala pamenepo zandidziwitsa matupi a amayi a dera lino kuposa mmene amuna awo amawadziwira. Amabwera ndi makamisolo a pa kaunjika atawakulunga m'nyuzipepala, n'kuyamba ayang'ana uku ndi uku asanamasule. "Mungobwezako zingwezi pang'ono kuti akwere." Ndimabweza, mabere amakweradi, madzulo akavula amatsikanso. Palibe chachilendo pamenepo. Bere ndi mnofu ndi khungu, si chitsulo ayi. Mimba imalikulitsa, kenako limaphwa, zaka nazo zimalikokera pansi, ndipo ngakhale la mkazi amene sanayamwitsepo limadzagwa nthawi yake ikakwana. Masiku ano ndikamanena zimenezi mtima umandiwira, chifukwa cha zomwe zinachitikira mwana wa mng'ono wanga.

Mng'ono wangayo anakwatiwa ndi bambo wina amene amathandiza madalaivala a mathiraki kukonza mapepala a katundu pa boda. Ndi munthu wa malaya opisira, nsapato zonyezimira, foni kukhutu nthawi zonse ngati inamererapo. Ife a kwa Mkanda tinaona ngati mwana wathu wagwera m'mafuta. Anabereka mwana woyamba wamkazi, kenako wachiwiri wamwamuna, kamwana konenepa kamene kankayamwa mpaka kutuluka thukuta pamphuno. Mwanayo atakwana miyezi isanu, ndinangomva kuti amusiyitsa bere ndipo amutumiza kwa amayi athu kumudzi.

Tsono kwathu khanda lisanayambe n'kukwawa komwe silichotsedwa pabere popanda chifukwa, ndipo chifukwa chake chimadziwika ndi aliyense: mayiyo watumbiza, ali ndi pakati pena. Tinakula tikumva kuti mkaka wa mayi woyembekezera umadwalitsa mwana, choncho amamupaka tsabola kapena zowawa zina kunsonga ya bere, mwana akaleka n'kumupereka kwa agogo ake. Komanso pakati pongoyamba kumene sipafunsidwa. Amene wafunsa amaoneka ngati ali ndi maganizo oipa, ndiye wina aliyense amangoona n'kukhala chete mpaka mimba idzionetse yokha. Amayi analandira mdzukulu wawo osafunsa kanthu. Ine nditamva ndinangoti, "Alamu awanso n'ngosaugwira mtima," n'kupitiriza kupalasa makina. Azakhali, anansi, amayi a kumpingo, tonse tinagwirizana pa nkhani imene palibe anatiuza.

Inali nyengo yokumba mtedza. Amayi ankalawirira kumunda mwana ali kumbuyo, atatenga phala lamadzimadzi la ufa woyera m'kabotolo. Chitini cha mkaka chimene mlamu wanga anatumiza pamodzi ndi mwanayo chitatha, china sichinabwerenso. Ndikaimba foni kufunsa, amayi ankangoti, "Akutsekulako m'mimba pang'ono, kaya ndi mano." Nanga si tonse tinkadziwa kuti mwana wotumbiziridwa amayamba wafooka kaye?

Tsiku lina Lachisanu masana, eni sitolo atatseka kupita ku mzikiti, mng'ono wanga anatulukira pakhonde langa ndi kajumbo ka makamisolo. Panali patadutsa nthawi yoti mimba ikanayamba kuoneka. Ndinamulowetsa kuseri kwa nsalu imene ndimatchinga poyeza anthu, n'kumuzunguliza tepi. M'chiuno munali mutachepa kuposa kale. Pachifuwa anali atadzimanga ndi chidutswa cha chitenje mothina kwambiri moti chinasiya mizere pakhungu, ndipo pankatuluka fungo la mafuta oyabwa m'mphuno. Nditamasula ndinaona khungu lonse lili tiziphuphu, pena patasupuka.

"Iwe, pakati paja wapabisa kuti?" ndinamufunsa.

"Pakati pake pati, asisi?"

"Nanga mwana uja unamuchotseranji pabere?"

Anayang'ana pansi n'kuyamba kupota ulusi umene unali pa makina. Ndinamuuza kuti pakhondepo sachoka asanandiuze. Ndiye anayamba, mawu ake akutuluka pang'onopang'ono.

"Abambo a mwanayu akuti mabere anga ali ngati patapata. Ananena akuseka, koma sanaleke. Ndikamayamwitsa amadzuka n'kutuluka panja. Amandionetsa zithunzi pafoni za azimayi a ku Joni amene anawachita opaleshoni, mbali ino agwa, mbali inayo aimirira. Amati, 'Taona anzako. Iwe zoti ukafike kumeneko n'zosatheka, koma bola uziyesako.'"

Ndipo anayesadi, mwana wa amayi anga. Anathira madzi a m'firiji m'mawa uliwonse. Anapaka choyera cha dzira n'kuchisiya chiume. Anakankha khoma ndi manja monga mmene anaonera pafoni. Anadzimanga chitenje mpaka kupuma movutika. Zonsezi zitakanika anakumana ndi mayi wina wa ku Chipata amene amayenda ndi chikwama pakati pa osintha ndalama pa boda, kugulitsa timabotolo ta mafuta kwa akazi a madalaivala ndi a maajenti. Mafuta ake ena ndi oyeretsa khungu, ena okulitsa mbina, ena ndiwo oimiritsa mabere, onse ochokera m'chikwama chimodzi.

"Anandiuza kuti, 'Manje imwe, mwana akapitiriza kuyamwa, mafuta aya sasebenza. Mwana ndiye amene adonsa, akokera mabere pansi.' Ndiye ndinatenga kambuzi, asisi. Ndinasinja n'kupaka."

"Kambuzi! Khanda la miyezi isanu?"

"Analira mpaka mawu kutha. Ndinabwereza kangapo. Kenako akaona bere ankangotembenuka."

Ndinakhala pampando wanga. Ndaona zambiri pa khonde limenelija. Ndaona mkazi akundipempha kuti ndimusokere tinsalu m'kati mwa diresi laukwati kuti apongozi asaone kuti n'ngochepa pachifuwa. Koma zoti munthu wamkulu, bambo wa ana awiri, angayang'ane mwana wake akudya n'kuona zonyansa, zimenezo zinandipsetsa mtima kuposa china chilichonse chimene ndinamvapo. Mabere amenewo anawapeza ali chiimire, iye yemweyo ndi amene anabweretsa mimba zimene zinawagwetsa, lero akufuna kuwabweza ngati katundu wolakwika pa sitolo.

Ndinavindikira makina tsiku lomwelo. Tinakwera galimoto mpaka pamene inathera, kwinako tinapita pa kabaza, fumbi lili m'maso. Tinapeza amayi akuthothola mtedza pabwalo, mwana atamugoneka pamkeka pambali pa mulu wa masangwi. Sindinamuzindikire msanga. Tsitsi linali litafiira n'kupyapyala, khungu la m'matako litachita makwinya ngati la nkhalamba, maso okha ndiwo anali aakulu. Sanalire n'komwe titamunyamula. Amayi ake atamuitana anangowayang'ana ngati mlendo.

Ndinawauza amayi kuti pakati palibe ndipo sipanakhalepo. Anasiya mtedza uli m'manja.

"Palibe? Nanga mwanayu munandipatsiranji?"

"Akuti mabere agwa, amayi. Alamu akufuna oimirira."

Amayi anayang'ana mng'ono wanga. Ndimayesa amukalipira, koma anangoti, "Ine ndimaopa kukufunsa kuti ungachite manyazi. Ndikanangofunsa." Atatero analowa m'nyumba kukatenga chitenje choberekera, ndipo ndinawamva akufwenthera m'katimo.

Kuchipatala anatigoneka m'chipinda cha ana onyentchera. Namwino amene anatilandira anali mayi wachikulire wosakonda kuzungulira. Atamva nkhani yonse anatikalipira tonse atatu mofanana, ndipo ankanena zoona. Anati mafuta opaka sangakweze bere lomwe khungu lake latanuka, angaliwotche kokha monga mmene tinkaoneramu. Anati kuyamwitsa si kumene kumagwetsa mabere kwenikweni, mimba ndi imene imakhala itayamba kale ntchitoyo. Chimene chinawawa kwambiri amayi n'chakuti anawonjezera kuti ngakhale pakati pakanakhalapodi, mwana akanatha kuyamwabe bwinobwino. Ndiye kuti ulemu wathu wonse uja, kukhala chete konse kuja, tinkateteza chinthu chimene kulibe, pa chifukwa chimenenso n'chabodza.

Ndinamufunsa za opaleshoni ya pa zithunzi ija, chifukwa ndinkafuna kudziwa chimene mlamu wanga ankasirira. Anati iliko ndithu: madokotala amadula khungu lotsalira, n'kukweza nsonga ya bere, n'kusoka. Zipsera zimatsala, ndipo zaka zikapita kapena mimba ina ikabwera mabere amatsikanso. Anatinso dokotala wanzeru sachita zimenezo kwa mayi woyamwitsa, amamuuza ayambe walera mwana. Ndinaseka mowawidwa mtima, chifukwa imeneyo ndi ntchito yanga yomwe, kudula ndi kubweza, kungoti ine ndimadula nsalu yomwe simva ululu. Sindikunyoza mkazi amene wafuna yekha, ndi mutu wake ndi thupi lake, mwana atakula. Akafuna apite. Amene ndikulimbana naye ndi uyu wokhala pampando n'kumaloza pafoni kuti thupi la mnzake likhale chonchi.

Namwino uja anatipatsa chiyembekezo chimodzi. Anati mkaka ukhoza kubwerera ngati mwana atamayamwa pafupipafupi, ngakhale bere likuoneka louma. Anasambitsa mng'ono wanga pachifuwa, n'kumukhazika pabedi, n'kumuika mwana pamtima khungu kukhudza khungu. Tonse tinazungulira. Amayi ankapemphera chamumtima milomo ikugwedera. Mwana ananunkhiza, natsekula kakamwa pang'ono, koma nsonga ya bere itangomukhudza mlomo anakunga thupi lonse, natembenuzira nkhope kukhoma, n'kulira kulira kopanda mphamvu. Namwino anadontheza mkaka wa kuchipatala pabere kuti mwanayo akopeke. Anakana. Anayesa ali m'tulo. Anadzidzimuka n'kukana. Kamwana kosadziwa ngakhale dzina lake kankakumbukira tsabola.

"Yamwa, bambo anga, palibenso chowawa," mng'ono wanga ankamunyengerera misozi ikugwera pamutu pa mwanayo. "Yamwa, ndapota nawe."

Mlamu wanga anabwera patapita masiku, atanyamula mabotolo a zakumwa ndi buledi, foni ili kukhutu. Anapeza mkazi wake ali chifuwa pamtunda akuyesabe, ndipo chinthu choyamba chimene ananena chinali chakuti, "Tafunda, anthu akuona." Kenako ataona nkhope zathu anayamba kudziyeretsa.

"Inetu sindinanene kuti asiyitse mwana. Ndimangocheza naye. Mkazi wanga sindingacheze naye?"

Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kutentha kunali kutamatitsa malaya pathupi pake, ndipo pachifuwa pake pankalendewera minofu iwiri imene inakagona pamimba, mimbayo nayo itagona pa lamba.

"Alamu," ndinatero mokweza kuti chipinda chonse chimve, "anuwo akulendewerawo munayamwitsa ndani? Bwerani nawo pakhonde panga ndidzakubwezereni zingwe."

Amayi ena a pa mabedi oyandikana anaseka mpaka kugwira m'mimba. Amayi anga anandikoka chitenje kuti ndakula mwano. Iye anaika buledi pa kabati, nati ali ndi thiraki yomudikira pa boda, n'kutuluka. Ine sindinaseke nawo. Mawu amenewo sanadonthetse ngakhale kadontho kamodzi ka mkaka m'kamwa mwa mwana, ndipo ndinkadziwa.

Mwanayo anachira ndi mkaka wa kuchipatala womwetsa ndi kakapu, kenako chiponde chimene amapatsa ana onyentchera. Bere sanalilandirenso mpaka mkaka unaumiratu. Mabere a mng'ono wanga ali monga mmene analili, kungowonjezera mabanga akuda pamene mafuta aja anawotcha. Banja lilipobe, musandifunse chifukwa chake. Mayi wa chikwama uja ndimamuonabe ndikapita ku boda kukagula nsalu, akuitana akazi a anthu ndi mawu okoma. Chimene chinasintha ndi ine. Mayi wa khanda akabwera ndi makamisolo kuti ndibweze, ndimabweza, koma ndimafunsa kaye kuti mwana akuyamwa kapena ayi, ndipo akati wamusiyitsa ndimafunsa chifukwa chake maso ndi maso. Ena amakwiya, amati telala ameneyu n'ngwamwano. Akwiye.

Mnyamatayo anayamba sukulu. Ndi wochezeka, amakonda kukhala pansi pa makina anga n'kumatola tizidutswa ta nsalu. Pamzere wa kalasi yake amaima kutsogolo chifukwa ndiye wamfupi kuposa onse, ndipo chimfine chikangodutsa m'mudzi chimayambira iye. Yunifolomu yake ndimasoka ndine. Chaka chilichonse ndimaidula pa muyeso wa ana a msinkhu wake, ndikuganiza kuti mwina chaka chino wawapeza anzake. Akabwera kudzayesa, kabudula amatsetsereka mpaka m'mawondo, iye n'kumaseka atagwira ndi dzanja. Ndimamuvula, n'kukhala pa makina, n'kubweza m'chiuno.