Msomali wa pa mbaula

Fungo la mtovu wosungunuka kuntchito, komwe ndimawotcherera timabolodi ta mamita a magetsi, landikumbutsa wailesi ya ababa ku Ndirande.

Inazima tsiku loulutsa mayina a osankhidwa kupita kusekondale, langa ndikuliyembekezera. Ababa ankaletsa aliyense kuigwira, koma ndinaimasula ndi mpeni, n'kupeza kawaya kofiira katathothoka. Ndinawotcha msomali pa mbaula kuti ndisungunulire mtovu wolumikizira kawayako.

Chitseko chinalira. Ababa anaima pakhomo, maso pa tizomangira ta wailesi tili m'mbale.

"Wakutuma ndani?"

"Palibe, ababa," ndinanong'ona.

Anakhala pampando osavula nsapato. "Malizitsa, msomaliwo usanazizire."

Ndinaugunditsa pa kawayako, kautsi n'kukwera pakati pathu. Nditabwezera mabatire, wailesi inatsokomola, kenako mawu a woulutsa mayina anatchula sukulu yathu.