Tsiku Limene Atelala Kunalibe

Msewu wonse unkawatchula kuti a Bwerani-Mawa, ndipo iwo dzinalo ankavomera. Luso anali nalo, zimenezo palibe ankatsutsa. Koma nsalu yanu inkagona pamulu mpaka tsiku limene mwabwera nokha, kukhala pabenchi, n'kunena kuti simuchoka. Pamenepo ndiye munkaona zodabwitsa: sizasi kulira, makina kuthamanga, diresi kutuluka likadali lotentha ndi simbi. Bamboyu ankagwira ntchito pokhapokha mwini wake akuwayang'ana.

Msana utayamba kuwavuta, analembetsa sukulu yophunzirira kunyumba, kuti apeze satifiketi yophunzitsira kusoka asanapindikiretu pamakina. Zonse zinkabwera pafoni: zowerenga, mafunso, ndi tsiku lotumizira mayankho. Koma sukulu siibwera kudzakhala pabenchi. Aphunzitsi ake sanawaonepo ndi maso, ndipo nthawi ikakwana potumizira paja pankangotsekeka, osamva za maliro kapena za kuzima kwa magetsi. Anachedwa koyamba, nachedwanso kachiwiri. Akusukulu anawachenjeza kuti akachedwa kachitatu awachotsa.

Sikuti anali aulesi ayi. Ankatsegula foni, kuwerenga ndime imodzi, n'kuona batani likulendewera pa malaya a munthu. Posoka batanilo ankakumbukira zipi, pofunafuna zipi foni n'kukwiririka m'zidutswa za nsalu. Mtima unkakhala m'mwamba tsiku lonse, chakudya osachimva kukoma, koma mayankho osalembedwa.

Tsiku lomaliza kutumiza mayankho achitatu, akazi awo sanapite kumsika kumene ankagulitsa zipatso. Anafika kushopu m'mawa, nakhala pabenchi atapinda manja.

"Mayi a ana, kwagwanji?"

"Ndabwerera katundu wanga. Sindichoka pano mpaka mutumize mayankho aja."

"Iii, koma inu! Nthawi ilipo, amatseka madzulo."

"Lembani, bambo."

Atelala anakhala kuseri kwa makina n'kuyamba kulemba ndi chala chimodzi, phazi likungopalasa makina opanda ulusi. Aliyense wobwera ndi nsalu ankakumana ndi mayi uja pakhomo, n'kuuzidwa kuti atelala kulibe. Ena ankasuzumira, kuseka, n'kumapita.

Masana kunabwera atcheya a kwaya ya amayi, kasitomala wawo wa kalekale, amene anasiya nsalu za mayunifolomu mvula isanayambe. Amenewa sanabwere kudzaseka.

"Achemwali, musandiseweretse. Mutu wawo ndikuuona uwo."

"Mutu umenewo ndi wa mwana wa sukulu. Atelala kulibe."

"Ndiye ndipatseni nsalu zanga. Ndatopa nazo zobwera mawa."

Atelala anadzambatuka, sizasi ili kale m'manja. "Amayi, khalani pansi! Ndidula pompano, simuchedwa."

Ndipo akadadula ndithu, poti mwini ntchito anali ataima pamaso pawo, thupi lonse likuwayabwa kuti ayambe. Koma akazi awo anapita pamulu paja, nasolola nsalu zija zikadali m'pepala lake, n'kuzipereka ndi manja awiri. Atcheya anadumpha msewu, nalowa kwa telala wina amene anatsegula chaka chomwecho. Bambo aja anaonerera zonsezo pawindo, ndipo zinawawawa mpaka m'mafupa.

"Mwandithamangitsira makasitomala," anatero.

"Ndathamangitsa mmodzi. Mwafika funso lachingati?"

Anakhalanso pansi. Analemba mokwiya, ndipo mkwiyo unawathandiza kuposa tiyi. Dzuwa litapendeka anali pakati pa funso lomaliza, koma anabwerera pamwamba kukawerenga yankho loyamba. Silinawasangalatse. Munthu amene wakhala akusoka moyo wake wonse akaona msoko wokhota amausomola basi, ndipo chala chawo chinali chitayamba kale kufufuta.

Akazi awo anawagwira dzanja. "Mukutani?"

"Apa sipanakhale bwino. Ndiyambirenso."

"Atseka posachedwa. Tumizani."

"Nditumize chonchi? Ili ngati siketi yosapinda m'munsi. Ine sindinaperekepo chinthu chotere kwa munthu."

"Tumizani, bambo a ana. Ndakupemphani."

Sanakuwe. Ananena motsitsa, ndipo atelala atawayang'ana anaona kuti maso a mayiyo afiira. Anadina. Kachizindikiro kanazungulira, kuzungulira, kenako foni inalemba kuti mayankho alandiridwa.

Tsidya la msewu makina a telala uja anali atayamba kulira, ndipo iwo ankadziwa nsalu imene ikusokedwa. Manyazi ndi mpumulo zinawagwira pamodzi.

"Funso lomaliza ndalisiya pakati," anatero mong'ung'udza. "Akandipatsa theka la malikisi."

Akazi awo anali akumanga mpango kuti azipita.

"Theka," anatero. "Nanga maulendo awiri aja anakupatsani angati?"